Mphira wa pa Foni ya a Injiniya

"Ine injini ndimaimva ndi khutu," anatero a Injiniya. "Galimoto ikangolowa pageti, matenda ake ndawadziwa kale. Zaka makumi atatu si masewera."

Mayi Sipanala anamva mawuwo ali chagada pansi pa lole. Mwezi wathawo khutu lomwelo linamva kuti pisitoni yasweka, pomwe chomwe chinkalira chinali sikuludiraiva yoiwalika m'boneti. Sukulu ya uinjiniya bambowa sanaiponde. Dzinalo anadzipatsa okha chaka chimene mchemwali wawo anakwatiwa ndi mwini galajayo.

Masana kunalowa galimoto ya okumba mijigo, ija yokoka ndi mateyala onse anayi. Inabwera chokokedwa ndi chingwe, ikusiya mzere wakuda wa oyilo kuchokera pageti. Dzulo lake lomwe anali ataisintha oyilo pomwepo.

"Getsi lofiira litayaka ndinazimitsa injini nthawi yomweyo," anatero dalaivala wake. "Ndikanapitirira, bwenzi pano tikukamba za maliro."

Mwini galaja anatuluka mu ofesi ndi khadi la ntchito m'manja. "Mayi, pano mwasaina ndinu. Vulani ovololo, muikoleke pamsomali. Sindingasunge munthu wondiphera makasitomala."

Anasainadi ndi iye. Oyilo wakale anakhetsa ndi iye, watsopano anathira ndi iye. Koma pofika pa fyuluta a Injiniya anamukankha ndi chigongono nkuimanga okha, chifukwa dalaivala ankaonerera. "Galimoto zamtchire si za manja a amayi," anatero tsikulo. Ndipo m'mawa uno mayiyo anaona kanthu pafoni ya a Injiniya kamene kanamukayikitsa. Anakasunga mumtima, monga anachitira zaka zisanu ndi chimodzi, pakuti mlamu wa bwana salakwa.

Anayang'ana msomali uja, nayang'ana manja ake.

"Ovololo sindivula, bwana. Titsegule kaye boneti."

"Kutsegula chiyani?" anaseka a Injiniya. "Kumanga koipa kumeneko. Cholakwacho chikapezeka changa, oyilo yenseyu ndimukolopa ndekha, chogwada, kuyambira pageti."

"Mwamva nonse," anatero Mayi Sipanala. Amakaniko ena anasiya zomwe ankachita. Ngakhale wowotcherera zitsulo anakweza chigoba chake chakumaso.

Mayiyo anamasula chivindikiro cha fyuluta nkusolola pepala lopindapinda, lozungulira ngati kapu. "Bwana, galimoto izi sizili ngati zakale zija, zoti fyuluta ndi chitini, mumamasula chonse nkutaya. Apa nyumba yake imatsala pa injini. Timangosintha pepalali. Oyilo amadutsa m'mapindo akewa, zinyalala zimatsalira, iye nkupita woyera. Pepalali ndi latsopano, lilibe mlandu." Anatembenuza chivindikirocho, nalowetsa chikhadabo m'kangalande kake. Munatuluka mphira wozungulira, wophwatalala, wouma ngati chikopa, wong'aluka mbali imodzi. "Wotseka oyilo kuti asatuluke ndi uyu. Uyu ndi wakale. M'bokosi lililonse la fyuluta mumabwera watsopano."

"Bokosi lija linabwera lopanda mphira," anatero a Injiniya. "Mafakitale a masiku ano ndi akuba."

"Adalaivala, nambala ya a Injiniya muli nayo? Tawaimbirani," anatero Mayi Sipanala.

Dalaivalayo anadabwa, koma anaimba. M'thumba la a Injiniya munayamba kulira nyimbo yakwaya. Inalira ndime yonse yoyamba iwo akuyang'ana kudenga, ngati malata awafunsa funso.

"Alamu," anatero mwini galaja, "yankhani foni."

Anaitulutsa. Inali foni yosweka chivindikiro chakumbuyo, yomangidwa kawiri ndi mphira wakuda, wonenepa bwino, wonyezimira.

"Wakale uja anali akadali wamphamvu," anatero a Injiniya motsitsa mawu. "Ndinamuyesa ndi dzino."

Mayi Sipanala anatambasula dzanja. Mphirayo atavulidwa, foniyo inagawika patatu, batire nkugwera mu oyilo. Mayiyo anaupaka oyilo pang'ono mphirawo ndi chala, namukhazika m'kangalande kaja. Analowa ngati wabwerera kwawo. Anamanga chivindikirocho mosakakamiza, nathira oyilo wina, nkuuza dalaivala kuti alize injini. Getsi lofiira linazima. Onse anawerama kusuzumira pansi, kudikira dontho. Silinagwe.

Mwini galaja anapinda khadi lija pakati. "Mayi, lole ija ikudikira."

"Idikira, bwana. Pali ntchito ina isanathe."

Mayiyo anapita kukona, natenga chidebe cha utuchi ndi chiguduli, nkuziika pamapazi pa a Injiniya. Iwo anayang'ana mlamu wawo. Mlamu wawoyo anali akuwerenga khadi lopindalo mwachidwi chachikulu.

A Injiniya anagwadadi pageti, bondo limodzi kenako linzake, nayamba kuwaza utuchi. Mzerewo unali wautali, ndipo palibe amene anabwerera kuntchito. Atafika pakati pa bwalo, Mayi Sipanala anawatsatira naika mphira wakale uja pambali pa zidutswa za foni yawo.

"Mumangire uyu," anatero. "Nayenso ali ndi zaka zambiri pantchito."

Kenako anakoka zipi ya ovololo yake mpaka pakhosi, nalowanso pansi pa lole.