Tsiku Limene Kefasi Anandikana

Mlongo wanga Kefasi atalemba mayeso a Fomu 4 mu 2001, pakhomo pathu mtendere unatha. Ife ndife matenanti, tinachokera ku Phalombe kudzalima fodya pa esiteti ina chakufupi ndi Kachebere. Bambo ankafuna kuti mwanayo akakhoza akaphunzire uphunzitsi. Ine ndinkati ngakhale ukalaliki wa pasikelo, bola ntchito yokhala pampando. Koma mwini wake, ayi ndithu! Ankafuna usilikali, ndiponso osati usilikali wamba, koma wa aja odumpha m'ndege.

Amene anamusokoneza mutu ndi a Goliati, mlonda wa pa esitetipo. Mkulu ameneyu ankadzitama kuti anali komando, chonsecho palibe anaonapo ngakhale chipewa chake. Anasonkhanitsa anyamata odikira zotsatira za mayeso, akuti tsiku lolemba asilikali paboma lidzawapeze atakhwima. Ankawathamangitsa atasenza matumba a mchenga, kuwakwawitsa m'matope, kumaso atadzola makala. Anawasemetsanso mfuti zamtengo n'kuzipaka oyilo wakuda wa thirakitala, moti ukaziona patali unkathawa.

Tsiku lina tikudya, Kefasi anandiuza monyadira za mayeso omaliza a usilikali wawowo.

"Achemwali, a Goliati akuti tsiku lina tidzagwidwa mwadzidzidzi ndi anthu osawadziwa. Adzatimenya, adzatiopseza, mwina adzabweretsa ngakhale m'bale wako kuti akunyengerere. Ukangotchula dzina lako kapena kwanu, basi walephera."

"Zamisala!" ndinatero. "Zaka zonsezi umawerenga mabuku kuti uzikamenyedwa ngati bulu?"

Bambo anangopukusa mutu. "Musiye, Stelia. Mwana akalirira nyanga ya nsatsi, msemere imufotere yekha."

Mu Febuluwale, m'mawa wina ndikusoka fodya m'chigafa, mwana wanga Natasha ali kumsana, kunatulukira Pius, mnzake wa Kefasi, ali wefuwefu, makala akuchucha ndi thukuta.

"Achemwali, Kefasi amugwira kutsidya! Amupha!"

Apa ndiye ndinamva zonse. A Goliati anawatengera anyamata aja kuseri kwa phiri kuti akakwawe m'chimanga. Ife obwera sitidziwa pamene Malawi wathera, chifukwa munda ndi munda zimangolumikizana. Anaoloka kamtsinje, osadziwa kuti alowa m'Zambia, n'kukatulukira pakhola la mudzi umene akuba amfuti anali atangoubera ng'ombe. Mayi wina atakuwa, a Goliati ndiwo anayamba kuliyatsa liwiro, anyamata pambuyo. Kefasi anali patsogolo m'chimangamo, sanaone kuti anzake athawa.

Mayo ine! Ndinathamanga kulowera kumene Pius analoza. Patapata mmodzi anatsalira m'matope pamtsinje, sindinacheuke.

Phokoso ndinalimvera patali. Nditafika ndinapeza chikhamu cha anthu, mipini ndi zibonga zili m'manja. Pakati pawo panali mlongo wanga, atamumanga ndi luzi manja kumbuyo, ali chigonere pansi. Diso limodzi linali litatsekeka, m'khutu mukutuluka magazi. Bambo wina wamfupi, mwini ng'ombe zobedwazo, anali atamuponda pakhosi.

"Kamba, kawalala iwe! Ndiwe ndani? Anzako ali kuti?"

Kefasi anangokukuta mano.

Ndinadzipanikiza pakati pa anthuwo ndikukuwa. "Musiyeni! Ndi mlongo wanga uyu, mwana wasukulu! Mfutiyo ndi yamtengo, taioneni!"

"Taiona kale," anatero bambo wamfupi uja. "Akawalala amaopseza nazo zomwezi. Ngati ndi m'bale wanu, bwanji sakamba? Munthu wosalakwa amatchula kwao." Anamukoka tsitsi Kefasi kuti andiyang'ane. "Uwadziwa amayi awa?"

Kefasi anandiyang'ana ndi diso lotsalalo. Abale inu, ndinaona kamwa yake ikufuna kumwetulira, ngati munthu amene wautulukira msampha.

"Sindikuwadziwa," anatero.

Anthu anaphulika. Wina anati ndine mkazi wa akubawo, ndabwera kudzanamiza anthu. Ndinamva mantha amene sindinawamvepo chibadwire. Ndinagwada m'matopemo.

"Kefasi, chitsiru iwe, si mayeso awa! A Goliati ako athawa, ali kwao akumwa madzi! Anthu awa akupha zenizeni. Tchula dzina lako, ndakupemphatu!"

Anatembenuzira nkhope kumbali. Ndikanakhala ndi mphamvu ndikanamumenya ndekha.

Kenaka ndinamva fungo la palafini. Mnyamata wina anali atabwera ndi botolo, ena akuzula udzu padenga la nkhokwe n'kumauponya pamiyendo ya Kefasi. Wina ankafunsa amene ali ndi machesi. Sindinaganizenso. Ndinadzigwetsa pamwamba pa mlongo wanga, mwana ali kumsana komweko, palafini n'kundinyowetsa chitenje.

"Tenthani tonse atatu!" ndinakuwa. "Tenthani!"

Natasha anali akulira mokuwa. Chitenje chitamasuka anatsetserekera pansi, nkhope yake n'kuyandikana ndi ya Kefasi. Analeka kulira, namuyang'anitsitsa m'makala ndi m'magazi muja. Kenaka anamugwira mphuno monga ankachitira masiku onse kunyumba.

"Ayume! Ayume, dzuka!"

Ndi m'mene ankatchulira amalume. Azimayi amene anali pafupi anamva, ndipo mmodzi analanda machesi amene mnyamata uja anali atangopatsidwa, n'kukuwa:

"Imwe, mwana sanama! Awa ni anthu a nyumba imodzi. Tumizani munthu ku esiteti akafunse."

Bambo wamfupi uja anatukwana, koma anachotsa phazi. Tinakhala pomwepo padzuwa, ine nditamukumbatira Kefasi osamusiya, mpaka akapitawo athu anafika panjinga ndi bambo, n'kufotokoza zonse. A Goliati sanapezeke, ndipo pa esiteti sanaonekenso.

Eni mudziwo, manyazi atawagwira, anatibwereka ngolo yoti itifikitse kumsewu wopita kuchipatala. Bambo ankayenda pambali. Ine ndinakhala m'ngolomo, mutu wa Kefasi uli pamiyendo panga. Dzanja lake lamanja linali litatupa, zala zitapindikira kosayenera. Ndinamuitana kangapo kukhutu lovulala lija, sanamve.

Tikuoloka kamtsinje kaja anatsegula diso, n'kundikoka bulauzi ndi dzanja lamanzere kuti ndiweramire pafupi.

"Achemwali," ananong'ona, "sindinatchuletu kanthu. Mukawafunse a Goliati ngati ndakhoza."