Ndowa pamutu pa Fletcher

Fletcher Namakhwa anakhala pa benchi ya kuchipatala mawaya atamatidwa m'mutu monse, ngati wailesi imene wokonza waitsegula n'kuiiwala.

"Anesi, mukalumikiza bwino ndigwira nyimbo za ku Joni," anatero.

"Khalani chete, bambo," anayankha nesi Regina. "Mutu wanu ukadekha, makinawa aimba likhweru. Ukasokonezeka, akhala duu. Ntchito yanu ndi kuwaimbitsa."

Fletcher anali wokhoma ndowa ku Ndirande. Nthawi ya kampeni ya matipate anakwera lole ya chipani, osati chifukwa chochikonda, pakuti dzulo lake anali pa lole ya chipani china. Ankatsata nsalu zaulere. Loleyo itadumpha bampu, iye anagwa chagada, mutu pa tala. Nsalu anaipezadi: ndi imene anamumangira pabala.

Bala linapola, koma m'kati simunapole. Dzuwa linkamulasa m'maso, njira inkapendekeka, ndipo nyundo ikangolira pa lata, m'mutu munkadzuka njuchi. Wokhoma ndowa woopa phokoso ali ngati kondakitala wopanda mawu. Mlamu wake Januario, mwini shedi imene ankakhomeramo, anapirira mpaka anatopa.

"Alamu, mvula ili pafupi, anthu akufuna ndowa. Ikagwa yoyamba musanabwerere, njanji yanu ndipatsa wina."

Chidutswa cha njanji chimenecho, chokhomerapo malata, ndicho chinali munda wa Fletcher.

Makinawo anabwera ndi dokotala wina wachilendo. Fletcher, munthu wozolowera kupusitsa anzake, anafuna kuwapusitsanso. Anakukuta mano. Anamanga mpweya. Anawanyengerera, mpaka kuwalonjeza voti. Makina duu! Atagwa ulesi, anangoyang'ana buluzi amene ankawothera dzuwa pawindo. Pomwepo, fiii!

"Mwaona? Mukawathamangitsa amathawa," anatero Regina. "Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Likhweru linayamba kutalika sabata ndi sabata, njuchi zija n'kumagonako. Koma tsiku lina Fletcher anapeza pathebulo pali mbee. Dokotala anali atabwerera kwawo, makina ake kumanja. Pamwamba pa phiri la Ndirande mitambo inali itayamba kale misonkhano.

Anafika kunyumba wopanda nthabwala, ndipo mkazi wake Mirriam anadziwa kuti zinthu zavuta. Mumtima mwake Fletcher ankati kudekha kuja sikunali kwake. Kunali kwa makina, ndipo kwakwera ndege.

"Kodi makinawo ankakuchitani chiyani?" anafunsa Mirriam.

"Ankandiuza ndikalakwitsa."

"Basi? Zimenezo ine ndimachita tsiku lililonse, popanda magetsi."

M'mawa mwake Mirriam anakafunsa kwa nesi Regina, ndipo anabwerako ndi chilolezo chomusenzetsa madzi: kandowa kakang'ono, osati ndowa yaikulu. Anakadzaza madzi, anapinda nsalu ya chipani ija kukhala nkhata, n'kumutwika mwamuna wake kuseri kwa nyumba.

"Khosi likauma, mtima ukathamanga, madzi akuuzani."

"Ikapo masamba pamwamba, monga muchitira azimayi, asakhavuke."

"Ayi, bambo a Tithokoze. Masamba amabisa. Ife tikufuna madzi onena zoona."

Ananenadi zoona madziwo. Masiku oyamba Fletcher ankasamba osafuna, malaya ali m'thupi. Akati alimbe ngati msilikali, khavu! Akaganiza za Januario, khavu! Koma akamasula nsagwada, n'kulola mpweya kutsika wokha, madzi ankagona tulo. Sanali makina a dokotala, koma chilankhulo chinali chomwecho.

Tsiku limene bingu linayamba kung'ung'udza cha ku Chirimba, Mirriam anati, "Kuseri kuno mwakhoza. Lero mudutse kumsika, mpaka kushedi."

Azimayi a pampope atamuona, anasiya kutunga.

"A Fletcher! Mayo ine, akudyetsani khuzumule!"

"Ndikuyesa katundu wanga, amayi," anayankha osatembenuza khosi. "Ndowa ya Fletcher sidontha. Amadontha ndi Fletcher."

Chikhakhali chinamuperekeza mpaka pangodya. Apo anamva nyundo za kushedi: ngwe, ngwe, ngwe! Njuchi zinadzuka zonse nthawi imodzi. Njira inapendekeka, madzi ozizira anatsika m'khosi mpaka kumsana. Miyendo inati tibwerere. Fletcher anaima pakati pa njira, wanjinga akumutukwana. Sanalimbane nazo njuchizo. Anamasula nsagwada, anayang'ana chitsononkho cha chimanga chimene chinali m'ngalande monga anayang'anira buluzi uja, n'kudikira. Pamutu pake madzi anagwedezeka, anagwedezekanso, kenaka anakhala bata.

Anayenda.

Atalowa m'shedi, nyundo zinaleka imodzi imodzi. Anatula ndowa pafupi ndi njanji yake, pakhomo pamene denga linathera.

"Alamu, mwayamba kugulitsa madzi?" anafunsa Januario.

"Ndabwera kudzaona ngati njanji yanga yakwatiwa."

"Ofunsira alipo."

"Auzeni mwamuna wake ali moyo."

Anakhala pansi, anatola nyundo. Inali yolemera kuposa momwe ankaikumbukira. Anaika lata pa njanji n'kugogoda kamodzi, mofatsa. M'ndowa madzi ananjenjemera, mizere n'kuthamangira m'mphepete. Fletcher anaiyang'ana mpaka inatha. Anagogodanso, anadikiranso.

"Mukamatero, ndowa imodzi ituluka pa Khirisimasi," anatero Januario.

"Ituluka."

Januario anamukankhira ndi phazi malata ena awiri. Anzake anatolanso nyundo zawo, koma popanda wowauza, ankamenya mopepuka ngati m'nyumba muli khanda.

Njuchi sizinachoke m'mutu mwa Fletcher, zinangopinda mapiko. Pamene ankapinda mkombero wa lata loyamba, dontho la mvula linagwera m'ndowa ija, linajambula kamzere kake kozungulira, ndipo madzi anakhalanso bata.