Wogwira Chingwe

A Cathy atatsegula kabokosi ka machesi kaja anakaponya pamphasa ngati kawawotcha.

"Ee! Alamu, achimwene anga ankasunga zithumwa m'nyumba muno?"

"Ndi miyala," anayankha Ella osatukula mutu.

Panali patangopita masiku ochepa chiwaikire m'manda a Lucius, amuna ake a Ella, ndipo a Cathy, mlongo wa malemuwo, anali atabwera ku Likangala kudzagawa katundu wa malemu. Katundu wake utinso! Jekete imodzi, jombo zong'ambika, wailesi yosalankhula, ndi katoni yodzaza timabokosi ta machesi. M'kabokosi kalikonse munali thonje, pathonjepo kamwala. Kena kakuda kosongoka ngati singano, kena koyera mbee, kena kofiirira.

A Lucius ankalowa m'migodi yakale ya kuseri kwa phiri la Zomba, kulowera cha ku Malosa, maenje amene ena anakumba kalekale n'kuwasiya. Miyala yokulirapo ankagulitsa kwa alendo pamsewu wa Ku Chawe, koma timene tawagwira mtima ankatisunga. Fumbi la m'maenjemo nalonso ankabwera nalo kunyumba, m'chifuwa. Kuchipatala ananena mosabisa kuti mapapo awo auma nalo, ndipo chaka chomalizacho bamboyo ankalephera ngakhale kumaliza Atate Wathu osapumira. Tisanamizane, Ella ankadana nayo miyalayo. Akanakhala yekha akanaithira m'chimbudzi tsiku lomwelo.

Panja panamveka odi. Anali a Alufandika, mnzawo wa malemu amene ankakwera nawo phiri. Anakhala pampando wa pakhomo, chipewa pabondo, n'kupepesa maliro kachiwiri ngati sanali nawo kumanda. Kenako anakhosomola pang'ono.

"Alamu, ndabwera ndi nkhani ya dzenje. Asanagwe mphwayi ndi matenda aja, achimwene anaboola mphako yabwino m'mgodi wina wakale. Timiyala tili mbwee, sitinatikhudze. Ndiye mwambo wa kuphiri mukuudziwa: dzenje ndi la amene waboola. Akamwalira, wamagazi ake amayenera kubwera kudzamangapo chingwe. Akapanda kubwera, lasanduka la aliyense. Anyamata adikira chifukwa cha maliro, koma anena kuti mawa alowa."

Maso onse anatembenukira kwa Chiyamiko, mwana yekhayo wa malemu, amene anatsamira chitseko. Anali mwamuna wandevu zake kale, sukulu anamaliza ku Masongola, koma ntchito inamukana ngati anaitukwana. Mkazi wake anali woyembekezera. Phirilo anali asanalikwerepo kupitirira damu la Mulunguzi.

"Sapita," anatero Ella.

"Alamu!" A Cathy anawomba m'manja. "Thukuta la achimwene anga lidyedwe ndi anthu akudza, mwana wawo ali pompano? Watisiyira chiyani china munthuyu? Wailesi iyi?"

"Mwana wanga sakalowa m'dzenje limene latenga bambo ake. Inu simunawamve mmene ankapumira. Ine ndi amene ndinkawagwira msana." Anatembenuka. "Chiyamiko, bambo ako anakuletsa kukwera kumeneko. Ukukumbuka?"

"Ndikukumbuka, amayi. Koma ankandiletsa akubwera ndi ufa." Analankhula motsitsa mawu, osayang'ana munthu. "Setifiketi yanga ndi iyo pakhomapo. Mwana akabadwa ndidzamufunditsa imeneyo?"

Ella anagwidwa ndi mantha, mantha omwe aja ankamugwira akamva amuna ake akutsokomola kuseri kwa nyumba kuti iye asamve. Anaganiza msangamsanga ngati munthu amene nyumba ikumupsera, mpaka anapeza pothawira.

"Chabwino. Apite akamange chingwecho, anyamatawo amuone. Koma wolowa pansi mukhale inu, a Alufandika. Ntchitoyi mukuidziwa. Iye azidikira pamwamba."

A Alufandika anayamba kupotokola chipewa chija.

"Alamu, ine pansi sindinalowepo."

"Mwati bwanji?"

"Sindinalowepo. Zaka zonsezi ine ndinali wogwira chingwe ndi kukoka thumba. Ndikati lero ndilowe ine, achimwene ankandikankha. Ankati, iwe Alufandika ana ako ndi ambiri, wanga ndi mmodzi ndipo wakula, gwira chingwe. Koma tikagulitsa tinkagawana chimodzimodzi. Sanandichepetserepo."

Ella anawayang'ana bamboyo pachifuwa, chifuwa chachikulu chokwera ndi kutsika mosavuta, chopanda kaphokoso kalikonse. Anapsa mtima, ndipo sankadziwa kuti apsere ndani, wamoyoyu kapena wakufa uja. Kani a Lucius ankameza fumbi la anthu awiri! Ankasunga bambo wa ana a eni, n'kusiya mkazi wawo wamasiye. Ubwino wanji wopha mwini wake?

"Ndiye mwabwera kudzatenga wina woti azikuloweraninso," anatero Ella.

"Ayi, alamu, Mulungu andione." Misozi inali italengeza m'maso mwa a Alufandika. "Mawa ndilowa ine. Ndalumbira pamaso panu. Mwanayu sakhudza fumbi."

Kutacha Ella anaperekeza Chiyamiko ndi a Alufandika. Sanafune kumva za munthu, anangomanga chitenje chake chakuda n'kuwatsata kukwera njira ya Mulunguzi, mpaka pamene miyendo inamukanira. Apo anawagwira dzanja a Alufandika.

"Mwalumbira."

"Ndalumbira, alamu."

Nyundo, tchizulo ndi tochi zinali m'thumba la a Alufandika. Chiyamiko anakoleka chingwe paphewa. Anatsanzika amayi ake mwaulemu, ndipo awiriwo anapitirira. Ella anakhala pamwala m'mbali mwa njira kuti apume, mtima utatsikako pang'ono.

Sanapite patali. Pamene njira imakhotera m'mitengo ya paini, Chiyamiko anaima. Ella anamuona akuvula chingwe chija paphewa, akutambasula dzanja lina kuti alandire thumba. Kuphiri mawu amayenda, ndipo anamva zonse.

"Bambo, ana anu akadali pasukulu. Bweretsani thumbalo. Inu gwirani ichi."

Ella anadzambatuka pamwala paja. A Alufandika anaweramitsa mutu. Kenako analandira chingwecho, ndipo awiriwo analowa m'mitengo, Chiyamiko ali patsogolo.