Mayina a Kuchikuto

Mayi Zulfa anali atachapa kale nsalu yawo yoyera, kukonzekera msonkhano wa Loweruka. Munali mu 1995, matipate itamasula anthu pakamwa, ndipo kunamveka kuti kukubwera alendo odzalemba mayina a onse amene anatengedwa m'nthawi ya chipani chimodzi osabwerako. Mayi Zulfa anali ndi dzina loti akatchule pagulu: Eston, mnzake wa mwana wawo Kalilu. Awiriwo anatengedwa tsiku limodzi mu 1983, ali Folomu 3. Eston anabwerako patatha miyezi inayi, mano akutsogolo mulibe. Kalilu sanabwereko, ngakhale mtembo wake.

"Anabwerako bwanji yekha ngati sanamugulitse mwana wanga?" ankatero mayiwo, chaka ndi chaka.

Rahila, mlongo wake wa Kalilu, msonkhanowo ankauopa kwabasi. Mitima ya anthu inali m'mwamba masiku amenewo, ndipo munthu wotchulidwa kuti anali kazitape ankatha kuotcheredwa nyumba dzuwa lili pamutu. Eston anali ndi mkazi, ana anayi ndi bwato limodzi kumathiriro a Bua. Kuonjezera apo, Rahila ankadziwa chimene anyamatawo anagwidwira, poti Eston anamunong'oneza tsiku lina kudimba la mpunga. Linali buku. Koma amayi ake sankalola kumva chilichonse chochokera m'kamwa mwa Eston; ukangoyamba, iwo ankalavula n'kulowa m'nyumba.

Lachinayi, Rahila atagulitsa usipa wake kumsika wa paboma, anaona munthu atayala mabuku akale pachiguduli, pafupi ndi a kaunjika. Ha, dziko kusintha! Mabuku amene kale ankabisidwa m'munsi mwa mphasa anali pambalambanda ngati tomato. Ndipo pakati pawo, ilo: buku la Chingerezi, pachikuto pali mtsikana wa maso ofiira psuu, mpeni uli m'manja. Rahila analitola. Silinali lenilenilo la Kalilu ayi, koma linzake, lofanana ndendende. Analigula osanenerera.

Kalilu timabuku toopsa timeneti ankatikonda ngati nsomba yootcha. Tinkachokera kwa ana a m'tauni, n'kumayenda dzanja ndi dzanja mpaka masamba kuthothoka. Lamulo la anyamatawo linali lakuti aliyense wowerenga alembe dzina lake ndi tsiku m'kati mwa chikuto chakumapeto, akamaliza aikepo kamtanda, kuti buku lisasowe. Mwini buku ankalemba pamwamba penipeni. Malinga ndi Eston, amene ankawafunsa mafunso atawagwira anamenyetsa bukulo patebulo n'kuloza mayina asanu ndi anayiwo, masiku ndi timitanda. Akuti amenewo ndi mayina a zigawenga, timitandato ndi anthu amene alumbira kale, ndipo wapamwambayo ndiye mtsogoleri. Koma mmene bukulo linafikira m'manja mwawo, Eston sankadziwa.

Masana a Lachisanu, amuna atapita kumzikiti, Rahila anakhala pansi pa mtengo wa mango n'kuliwerenga. Ali ndi zaka khumi ndi zinayi anaba lenileni lija m'chikwama cha Kalilu, ndipo linamuzunguza mutu sabata yathunthu. Tsopano? Zachibwana zokhazokha! Atsikana a pasukulu yogonera konko akuopsezedwa ndi mzukwa, kumapeto mzukwawo n'kupezeka kuti ndi mnzawo wansanje wofuna kulanda chibwenzi. Rahila anaseka, koma kuseka kwake kunali kowawa. Munthu n'kufera zimenezi, zoona?

"Iii, limeneli ndikulidziwa!"

Anali amayi ake, ataima kumbuyo kwake ndi lichero. Anawerama n'kuloza mtsikana wa pachikutoyo.

"Mumalidziwira kuti, amayi?"

"Waiwala? Si lomwe linkakukuwitsa kutulo lija? Ndinalipeza pansi pa mphasa yako, ndinati Asitaghafirullah, majini alowa m'nyumba mwanga. Ndinapita nalo kwa ashehe, iwo akuti Chingerezi sawerenga. Ndiye ndinakapatsa a Layson, apampando a chipani aja, poti mwa akuluakulu a m'mudzi muno odziwa Chingerezi anali iwowo. Ndinati andionere ngati lili la kusukulu kapena la ufiti." Anapukusa mutu uku akumwetulira. "Sanandibwezerenso, Mulungu awakhululukire kumene aliko. Koma iwe unasiya kukuwa."

Anatenga lichero lawo n'kupita kukapeta mpunga, akung'ung'udza kanyimbo.

Rahila anatseka bukulo pamiyendo pake. Mantha amene anamugwira sanawamvepo ndi kale lonse, ngakhale pamene ankaliwerenga ali mwana. A Layson anamwalira kalekale, Eston sankadziwa, amayi ake sankadziwa. Wodziwa nkhani yonse padziko lapansi anali iye yekha. Akakhala chete, mawa Eston apsa. Akayankhula, apha mayi womubereka.

Anayesa njira zonse zowaletsa amayi ake kupita kumsonkhanoko. Anati msonkhanowo ndi wandale chabe, anati dzuwa liwawa, anati miyendo yanu ija itupanso. Mayi Zulfa anamuyang'ana ndi diso lakuthwa. "Zaka khumi ndi ziwiri ndadikira, iwe. Kaya ndikwawa, koma ndikafika."

Loweruka m'mawa ananyamuka, mayi patsogolo, mwana pambuyo. Njira inadutsa m'minda ya chinangwa. Bwalo la msonkhano litayamba kuonekera, Rahila anaona Eston atakhala poteropo ndi mkazi wake, kamwana kali pamsana. Anagwira amayi ake pamkono n'kugwada pamchenga wotentha.

"Amayi, mundikhululukire. Imvani kamodzi kokhaka, kenaka mukachite zimene mukufuna."

Anawauza zonse, za mayina a kuchikuto, za timitanda, za tebulo lija. Ananenanso kuti woyamba kulakwa ndi iye amene anaba bukulo. Mayi Zulfa sanalavule ulendo uno. Anaima njoo, maso ali kutsogolo.

"M'bukumo munali dzina la Kalilu?"

"Pamwamba penipeni, amayi."

"Linapita kwa a Layson Lachitatu," anatero mayiwo motsitsa mawu, ngati akuyankhula ndi chinangwa. "Galimoto yodzawatenga inabwera Lamlungu."

"Tiyeni tibwerere kunyumba, amayi. Chonde."

Iwo anachotsa dzanja la Rahila pamkono pawo pang'onopang'ono, anakonza mpango kumutu, n'kupitiriza ulendo.

Pabwalo panali anthu ambiri. Alendowo anali atakhala patebulo ndi mapepala awo, ndipo anthu ankaima mmodzimmodzi. Nthawi ya Mayi Zulfa itakwana, anthu anayamba kucheukira kwa Eston, poti mudzi wonse unkadziwa dzina limene likubwera. Anyamata ena anali atasendera kale kufupi naye. Eston anazolika, manja ali pamaondo.

"Mwana wanu dzina lake ndani, mayi?" anafunsa wolembayo.

"Kalilu Abdulhamid."

"Mukudziwa amene anamupereka?"

"Ndikumudziwa."

Rahila anatseka maso.

"Lembani Zulfa," anatero mayiwo. "Mayi wake."

Wolembayo anadzutsa mutu n'kunena mwaulemu kuti dzina lawo walemba kale pamwamba, chimene akufunsa tsopano ndi dzina la amene anamupereka mwanayo.

"Ndakumvani, bambo," anayankha Mayi Zulfa. "Lembaninso pamenepo."