Chigubu cha Apongozi

Boma likafuna kuteteza anthu limayamba ndi msonkhano. Ogulitsa mankhwala a mbewu onse anawaunjika m'holo yotentha, bwana wina wa tayi n'kuwauza kuti chigubu cha mankhwala ophera tizilombo chikatha, chizitsukidwa, chizibooledwa ndi msomali kuti wina asachigwiritsenso ntchito, kenako chizidikira galimoto ya boma. Galimotoyo palibe anaionapo, koma msomali aliyense anali nawo.

Mmodzi mwa iwo anali a Palibevuto, mwini kasitolo ka feteleza ndi mankhwala pafupi ndi siteji ya basi. Dzinali linachokera pakamwa pawo pomwe. Anali munthu woti ukawaponda phazi, opepesa amakhala iwowo.

Zigubu zinachuluka kuseri kwa sitolo, zoyera, zolimba, za zivindikiro zofiira. Tsiku lina kunatulukira apongozi awo, mayi amene ankawasungira mwana wawo wamkazi masana makolo ali kuntchito. Maso a mayiwa sankadutsa chinthu chaulere osachipatsa moni.

"Bambo, zigubu zabwinobwinozi zizingothera padzuwa? Ndigawireniko chimodzi. Mpopi wa kwathu umatulutsa madzi ukakonda."

A Palibevuto thukuta linayamba. Ankadziwa bwino lomwe kuti poizoni amalowerera m'pulasitiki, ngakhale utsuke ndi sopo wamtundu wanji, komanso kuti madzi a m'nyumba imeneyo ndi amene mwana wawo amamwa. Koma kukaniza munthu amene anakuberekera mkazi?

"Palibe vuto, amayi. Ndikupukutireni kaye fumbi."

Anazembera kuseri n'kuboola chigubucho kunsi, malo angapo, mwakachetechete. Maganizo awo anali oti chikakafika kunyumba chikadontha, apongozi akachitaya. Lamulo latsatidwa, ulemu wasungika. Tsiku limenelo anayenda chifuwa patsogolo, akudziona ngati wanzeru kuposa boma lomwe.

Chimene iwo ndi bwana wa tayi uja anaiwala n'chakuti pamsika pali bambo wowotcherera ndowa ndi mabeseni. Kwa bambo ameneyo bowo si mathero a chinthu, ndi chakudya cha ana ake.

Patapita masiku, a Palibevuto anapita okha kukatenga mwana. Atangolowa, anachiona chigubu chija pakona pa khitchini, chodzaza ndi madzi, kunsi kuli zigamba zakuda. Chithunzi cha chibade cha munthu chochenjeza za poizoni pachigubupo apongozi anali atachifunditsa kansalu koluka kuti chisamaopseze alendo.

"Anakugulitsani katundu wobooka, bambo," anatero apongozi monyadira, akutsanulira madzi m'kapu. "Koma musadandaule, ndinakakonzetsa."

Nthawi yomweyo mwana analowa akuthamanga kuchokera kosewera, fumbi mpaka m'maso, n'kutambasula timanja kuti alandire kapuyo.

A Palibevuto sanaganize. Anaimenya kapuyo ndi dzanja, inakagunda khoma, madzi n'kunyowetsa mapazi a apongozi. Mwana anayamba kulira. M'khitchinimo munali ngati mwagwa maliro.

Ndiye mawu onse amene anawameza kusitolo kuja anatuluka, opanda mutu ndi mchira: za poizoni, za msonkhano, za msomali. Apongozi anamvetsera mpaka kumapeto osaphethira.

"Ndiye kuti munkadziwa?"

"Eya, amayi."

"Mabowo aja munaboola ndinu?"

"Ndinkaopa kukukhumudwitsani."

"Munaopa kundikhumudwitsa." Anayang'ana mdzukulu wawo. "Ine zilembo za pachigubupo sindiziona, bambo. Mukanangoti ayi, ndikananyinyirika tsiku limodzi basi. Inu m'malo molankhula munatuma msomali. Mwanayu wakhala akumwa madzi amenewa chikonzetsereni, ndipo womutungira ndine, ndi manja angawa."

A Palibevuto anachita mantha amene sanawamvepo chibadwire, ndipo manyazi anabwera pamwamba pake. Anafuna kunyamula mwana, koma apongozi anawatsogolera, n'kumubereka kumbuyo ngakhale anali wamkulu kale.

"Tiyeni kuchipatala. Inu tengani chigubu chanucho mukawaonetse adokotala dzina la mankhwalawo. Kumeneko ndiye mukatsegule pakamwa."

A Palibevuto anachisenza chodzaza momwemo, poti sanadziwe kuti lamulo limati madzi otere azitayidwa kuti. Anayenda pambuyo pa apongozi msewu wonse, anthu akuwayang'ana, ndipo chigubucho sichinadonthe ngakhale pang'ono.