Kaseti ya ku Joni

Greyson anaitembenuza kasetiyo kawiri konse, naiuzira fumbi, kenako anaikweza m'mwamba kuti aione bwino ndi kuwala kwa pakhomo.

"Iyi ndiye ndi agogo a makaseti onse," anatero akuseka. "Mwaifukula kumanda ati, asisi?"

Sakina sanaseke.

"Muli mawu a bambo anga," anayankha. "Anamwalira ine ndili m'mimba."

Greyson anameza kuseka kwakeko, nakoka mpando wapulasitiki kuti mlendoyo akhale. Anali munthu wosachedwa kulankhula zopanda pake, koma manja ake anali aulemu kuposa pakamwa pake. Kashopu kake ka ku Biwi kanapanikizika pakati pa saluni ndi wowotcherera zitsulo. Ntchito yake ya tsiku ndi tsiku inali kuthira nyimbo m'mafoni, koma pachitseko analembapo ndi penti kuti amasamutsanso mawu a m'makaseti akale kupita pa kompyuta. Sakina, amene ankagulitsa zitenje pamsika wa Kawale, anadutsa pachitsekocho miyezi itatu asanalimbe mtima.

Kunena zoona, kasetiyo anachita kuba. M'mawa umenewo amayi ake, a Hanifa, atapita kuchipatala kukalandira mankhwala a kuthamanga kwa magazi, iye anatsegula sutikesi ya kunsi kwa bedi ndi kuichotsa m'kansalu koyera m'mene inakhala zaka makumi atatu ndi chimodzi.

Bambo ake, Che Adamu, anali telala ku Joni. Popeza a Hanifa sankadziwa kuwerenga, mwamunayo sankalemba makalata. Ankalankhula m'kaseti n'kupatsira anthu obwera kumudzi, monga a Yaseen. Anafa pangozi ya galimoto mu 1993 ndipo anaikidwa komweko. Sakina analibe manda oti akaone, ndipo chithunzi chimodzi chomwe chinalipo chinafufutika nkhope ndi chinyontho. Chimene anakula nacho ndi lonjezo la amayi ake lakuti, "Bambo ako analankhula ndi iwe m'menemo. Ukadzakula udzamva." Anakula. Wailesi ya makaseti ya pakhomopo inafa. Anakwatiwa, banja linatha, anabwerera kwa amayi ake, ndipo lonjezo lija linasanduka chiletso chakuti tepi ndi yakale, ingaduke.

"Yachita chuku pang'ono, koma ili bho," anatero Greyson. Analowetsa bolopeni pabowo la kasetiyo ndi kupukusa pang'onopang'ono mpaka tepi inakungika. Kenako anapapasa pamwamba ndi chala, nachita tsinya. "Timakutu iti sanathyole."

"Timakutu tanji?"

"Tapulasitiki iti. Anthu akale akafuna kuti mawu asafufutike ankathyola timeneti. Tikakhalapo, munthu atha kujambula zina pamwamba pake." Anamuyang'ana, nasintha mawu. "Koma musadandaule, ambiri ankangoiwala."

Anapukuta mkati mwa wailesi yake yakale ndi thonje lonyowetsa sipiriti, nalumikiza chingwe kuchokera pawailesiyo kupita pa kompyuta.

"Izi sizili ngati kuthira nyimbo, asisi. Palibe chidule. Kaseti ikhala ikulira, kompyuta ikhala ikumvetsera. Ola lathunthu. Ndipo tepi yokalamba chonchi sindikulonjezani kuti ilola kachiwiri."

"Yambani," anatero Sakina.

Greyson anadina. Kunamveka kaphokoso ngati mvula ya patali, ndipo pagalasi la kompyuta mzere wobiriwira unayamba kuyenda. Sakina anatseka maso. Moyo wake wonse anawapangira bambo ake mawu osiyanasiyana, tsiku lina aakulu ngati a shehe wa kumzikiti, tsiku lina osasa ngati a malume ake. Tsopano anali woti amve enieni.

"Asalamu aleikumu, Che Adamu," anatero mawu a m'wailesi. Anali mawu a mkazi, mtsikana ndithu, wamanyazi, wokhala ngati akufuna kuseka. "Kaseti yanu yafika. Ndikuyankha pa yomweyi monga mwa masiku onse, chifukwa a Yaseen akubwerera komweko mawa."

Sakina anatsegula maso. Mawuwo ankawadziwa. Ndi omwe anamukalipira dzulo lake chifukwa chosiya chitseko chosatseka.

Greyson sanamuyang'ane. Anangoti maso pa kompyuta, ngati kuti mzere wobiriwirawo ukufuna womulondera.

"Mwina ndi poyamba pokha," ananong'ona.

Sipanali poyamba pokha. Mtsikana wa m'tepiyo ananena za denga lodontha, za mbuzi ya apongozi imene inadya sopo, za mimba imene inali kumunyansitsa fungo la usipa. Ananena kuti mwanayo akumenya kwambiri usiku, ndiye ayenera kukhala wamakani ngati bambo ake. Anaseka. Sakina anali asanawamvepo amayi ake akuseka choncho, ndipo zimenezi zinangomuwonjezera ukali. Mbali yoyamba inatha. Greyson anatembenuza kasetiyo. Mbali yachiwiri inayamba ndi mawu omwewo a mtsikanayo.

Wowotcherera wa pafupi anayatsa makina ake, nazimitsa, nayatsanso. Mayi wina anabwera kudzafuna nyimbo za kwaya, Greyson anamubweza ndi dzanja. Sakina anakhala chiwumire, chikwama chili pamiyendo. Sanali kumvanso zimene zinkanenedwa. Ankangoona tepi ikuchepa mbali imodzi ya kagalasi ka kasetiyo ndi kuchuluka mbali inayo, ndipo ankadziwa kuti paliponse pamene mtsikanayo walankhula, bambo ake achotsedwapo.

"Ndalekeza pano. Mubwere msanga. Ndine wanu, Hanifa."

Kunamveka kuti khwa, pamene batani linadinidwa zaka zonse zija zapitazo.

"Pepani, asisi," anatero Greyson, dzanja likupita kukazimitsa monga ankachitira ndi kaseti iliyonse mawu akatha.

Sakina anamugwira mkono. Sanadziwe chifukwa chake, kungoti tepi inali isanathe kwenikweni. Kaphokoso ka mvula kaja kanapitirira, kenako munthu anatsokomola.

"Basi, tepi ikutha," anatero mwamuna. Mawu ake sanali aakulu konse. Anali opyapyala, ofulumira, a munthu wotopa. "Hanifa, mudzisamalire, musanyamule zolemera." Anapuma pang'ono. "Koma iyi yokha musafufute, chonde. Mugule ina. Zimene ndamuuza mwana wathu muno adzamve yekha akadzakula."

Wailesi inazima yokha.

Greyson anayang'ana manambala a pakompyuta.

"Masekondi khumi ndi anayi," anatero motsitsa. Anasunga zonse, kenako anadula kachigawo ka kumapetoko n'kukaika pakokha m'foni ya Sakina. Pa nthawi yonseyi sanayesenso nthabwala.

Sakina anayenda wapansi kuchoka ku Biwi mpaka ku Kawale, dzuwa lili paliwombo, osamva ngakhale makabaza amene ankamuimbira belu. Anamvetsera masekondi aja kasanu ndi kawiri. Anali ndi mkwiyo woti sanaumvepo chibadwire, ndipo anakonza mawu onse oti akanene.

Anawapeza amayi ake atakhala pamkeka pakhonde, sutikesi ili yotsegula pambali pawo, kansalu koyera kali m'manja. Sakina anaponya kasetiyo pamkekapo.

"Zaka makumi atatu, Amayi! Ndili mwana ndinkagona nditagwira sutikesi imeneyi, inu mukuona. Anzanga akamanditonza kuti ndilibe bambo ndinkawauza kuti anga ali m'kaseti. Inu mukudziwa kuti munawafufuta ndi nkhani za mbuzi!"

A Hanifa sanakane. Anatola kasetiyo naikulunganso m'kansalu.

"Tonse tinkatero, mwanangu. Kaseti inali imodzi, yopita ndi yobwera. Iwo alankhule, ine ndimve, ndiyankhe pomwepo. Iwonso ankafufuta anga." Anaika kasetiyo pamiyendo. "Analankhuladi ndi iwe. Ankati mwana wanga, ndikusokera kadiresi kapena kabudula, undiuze wekha. Zambirimbiri. Ine ndinati adzanena okha pamaso akabwera pa Idi. Ndikanadziwa bwanji? Ndinajambula madzulo, ndipo m'mawa mwake a Yaseen anabweradi, koma osati kudzatenga kaseti. Anabwera ndi uthenga wa maliro."

"Nanga bwanji osandiuza?"

"Unali ndi zaka zinayi, ukulira kufuna bambo. Ndinakuuza kuti ali m'menemo, iwe n'kutonthola. Chaka chilichonse ndinkati ndikuuza chaka chamawa." Anapukuta m'maso ndi nsonga ya mpango. "Chimene chimandipweteka n'chakuti ngakhale ineyo sindinawamve mpaka kumapeto. Mabatire anatha iwo ali mkati molankhula. Mawa lake nditabwereka ena, ndinangobweza tepi n'kuyamba kuyankha, kuthamangira ulendo wa a Yaseen. Mpaka lero sindidziwa kuti anatsanzika bwanji."

Mawu onse amene Sakina anakonza panjira anali akadali pakamwa, ndipo foni inali m'manja mwake, yokwana kuwamaliza amayi ake m'masekondi khumi ndi anayi. Anawayang'ana. Anaona mapazi otupa, kathumba ka mapiritsi a kuchipatala, ndi mutu umene unachita imvi popanda mwamuna wina kulowanso m'nyumbamo. Anakumbukira mtsikana wa m'tepi uja akuseka.

"Patsala pang'ono," anatero. "Kumapeto."

A Hanifa anadzutsa mutu. Sakina anakhala pansi pafupi nawo, nakweza mawu a foni, chala chachikulu chili chire pagalasi. Kunamveka mvula ya patali ija, kenako chifuwa.

"Basi, tepi ikutha. Hanifa, mudzisamalire, musanyamule zolemera."

Sakina anadina, mawuwo n'kuima pomwepo.

Mayiyo anagwira pakamwa ndi manja onse awiri. Analira mopanda phokoso, mapewa okha akugwedezeka, kwa nthawi yaitali.

"Ndi iwowo," anatero pomaliza. "Ankalankhula mothamanga choncho. Basi ndi pomwepo?"

"Ndi pomwepo, Amayi."

"Bwereza."

Anabwereza kanayi, ndipo ulendo uliwonse chala chake chinafika pa nthawi yake, pa kampata kaja pamene bambo ake ankapuma. Ulendo wachinayi chinatsala pang'ono kuchedwa.

"Undiikire m'foni yangayi," anatero a Hanifa, akutulutsa kafoni kawo ka mabatani m'chikwama. "Ndizimvera ndekha iwe ukapita kumsika."

M'mawa mwake Sakina sanayale zitenje. Greyson anamupeza ataima pakhomo la shopu iye asanatsegule.

"Kachigawo kadzulo kaja," anatero Sakina, akumupatsa kafoni ka amayi ake. "Muike umu. Koma mudule pamene akuti zolemera. Za kutsogoloko zisalowe."

Greyson anatsegula shopu. Anayatsa kompyuta, nakuza mzere wobiriwira uja mpaka kampata kanaoneka bwino pakati pa mawu, naikapo kamuvi.

"Apa?"

Sakina anayang'ana chigawo cha kumanja kwa kamuviko, pamene panali mawu okhawo amene bambo ake anamutchulapo iye.

"Pomwepo," anatero. "Dulani."