Botolo la M'thumba la Jekete

Jekete ya bambo ake inalemera mbali imodzi pamene Ireen ankaichotsa pa msomali. Anapisa m'thumba n'kutulutsa kabotolo ka madzi akuda bii.

"Amayi, kodi bambo ankamwa mankhwala achikuda?"

Panali patangopita masiku ochepa chiikireni m'manda a Namakhwa, amuna a mayi Alefa, ndipo ana awo awiri ankalongosola zovala za malemu kuti zigawidwe kwa abale. Koma Kingstone, mwana wamkulu, mtima wake sunali pa zovala.

"Tazisiyani kaye izo. Bwana wa kufakitale amene anabweretsa nkhata uja wandiimbiranso. Akuti masheya a bambo agula iyeyo pa mtengo wabwino, kutipepesa maliro. Chiliza tingamange, dengali tingakonze."

Masheyawo a Namakhwa anagula ndi penshoni atapuma ntchito ku tiyi. Anali ochepa zedi, phindu lake pa chaka losakwana ndi thumba la feteleza lomwe. Ndipo anali a kampani ya fakitale ya kumtunda ija, imene imatayira zonyansa mu kamtsinje ka kuseri kwa nyumba yawo. Chaka ndi chaka mkuluyo ankavala jekete, kukwera minibasi pa Chonde, ulendo wa ku Blantyre kumsonkhano wa eni masheya. Ana ankawaseka kuti akukadya nkhuku yaulere ndi mabwana.

"Gulitsani, achimwene," anatero Ireen mokwiya. "Ine zinkandichititsa manyazi. Mbuzi za anthu zikufa ndi madzi amenewa, ana zilonda zokhazokha m'miyendo, ife n'kumadya nawo phindu? Aaa, bambo pamenepa analakwa."

"Mwatha?" anafunsa mayi Alefa, mawu atasasa ndi kulira. "Bwana ameneyo munamuonapo pa maliro a munthu wina m'mudzi muno? Anabwera kudzatsimikiza kuti bambo anu afadi."

Mayi Alefa anapitiriza.

"Bambo anu akapita kukadandaula za madziwo pageti la fakitale, alonda ankawathamangitsa ngati galu wakuba. Ndiye wina anawauza kuti munthu wa masheya, angachepe bwanji, kumsonkhano sabwezedwa, ndipo akakweza dzanja amamumvera. N'chimene anagulira. Botolo limenelo ankatunga kumtsinjeku, kukaliika pa tebulo la mabwana, n'kufunsa kuti ayambe kumwa ndani."

"Nanga bwanji sankatiuza?" anafunsa Ireen chapansipansi.

"Munkawafunsa? Inu munkangoseka."

Kingstone anakanda m'mutu. "Chabwino, amayi. Koma anasintha chiyani? Madzi akadali akuda, denga likudontha."

"Palibe chimene anasintha, mwananga. Chaka chatha mabwanawo anangowalonjeza kuti akumba dziwe losefera madzi, mwina linali bodza. Ankati mwezi wamawa uno akawafunsa kumsonkhano kuti dziwelo lili pati. Madzi awa anatunga akudwala kale, akutsika ndi ndodo, ine ndikuwakalipira. Ankaopa kuti tsiku la ulendo miyendo idzakana."

Ireen anakhala pansi, botolo lili m'manja, n'kuyamba kulira. Zinamupweteka kwambiri kuti mawu omaliza amene anawauza bambo ake pa nkhaniyi anali achipongwe.

Mayi Alefa anatambasula manja awo. Anali ong'ambikang'ambika, khungu litasupuka ndi zaka zochapa mumtsinje uja.

"Ankandichonderera kuti tipitire limodzi, mabwanawo akaone manja awa. Dzina langa analilembetsa pomwepo pa masheyawo. Ine ndinkakana, manyazi. Ankapita okha."

Foni ya Kingstone inalira. Anayang'ana, anali bwana uja. Anayang'ananso denga, kenako manja a mayi ake, n'kuiika foniyo pampando chafufumimba. Inalira mpaka inatopa yokha.

Mayi Alefa anatenga botolo lija kwa Ireen n'kulibwezera m'thumba mmene linali.

"Zina zonsezo gawani. Iyi ayi."

Anaivala jeketeyo pamwamba pa zovala zawo zakuda. Inawakulira, mikono yake inaphimba mpaka zala. Anayamba kuipinda mikonoyo, wakumanja kenako wakumanzere, mpaka manja onse awiri anaonekera.